Kompyuta ikayamba kugogoda, yambani mwatulutsa mbewu

 Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangoona mawu oti kompyuta mumafulumira kutembenuza tsamba, mumati izo n'za ana a m'tauni. Tadikirani pang'ono abale anga. Kodi si inu amene mudapereka chitupa chanu, kalata ya munda ndi kaundula wa gulu la ndalama kwa mwana wanu wa kusukulu, n'kumuuza kuti akaziike mu kompyuta kuti zisasowe? Ngati mudatero, nkhani ya sabata ino ndi yanu. Khalani pansi timvane.

Lachiwiri lina mwezi watha, dzuwa litapendeka, foni yanga idalira. Anali mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira mu mzinda wa Tete ndipo amachita lendi kachipinda mu bairro ya Josina Machel. Mawu ake ankamveka kuti munthuyu walira nthawi yaitali.

"Malume, laputopu yanga yafa."

"Yafa bwanji mwana iwe? Yagwa? Yanyowa?"

"Ayi malume. Kuyaka ikuyaka, koma ikumangoima. Ndikafuna kutsegula ntchito yanga imatenga nthawi, kenaka m'kati mumamveka kuti go, go, ngati munthu akugogoda pachitseko."

Ndidamufunsa zimene zidali m'menemo ndipo iye adatchula zitatu. Choyamba idali ntchito yake yaikulu yotsirizira maphunziro, imene kusukulu amaitcha monografia, ya miyezi isanu ndi itatu ya kugona mochedwa. Chachiwiri adali kaundula wa gulu la amayi a kumudzi kwathu amene amasunga ndi kubwereketsana ndalama. Kope lenileni lidadyedwa ndi chiswe, kotero kuti yemwe adasonkha zingati ndi yemwe ali ndi ngongole zidangotsala mu laputopumo basi. Chachitatu adachitchula monong'ona. Adali mawu a agogo ake, amayi anga ondibala, amene iye adawajambula kasanu ndi kawiri asanamwalire, akusimba m'mene adathawira nkhondo mu 1986 kulowa ku Dedza ana ali kumsana ndi kumanja, ndi m'mene adabwerera mu 1993 mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Foni imene adajambulira idabedwa kalekale.

Ndidamuuza chinthu chimodzi chokha. "Zimitsa tsopano lino, uzule pamagetsi, ndipo usaiyatsenso mpaka nditafika." Nzeru imeneyi sindidabadwe nayo. Zaka zapitazo ine ndemwe ndidataya zolemba zanga za zaka zinayi chifukwa choumirira kuyatsa makina odwala, ndipo ndidamva nkhwangwa ili m'mutu.

M'mawa mwake ndidakwera chapa pa Ulongué, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, kuoloka Revúbuè, kufika pa Matundo, kenaka mlatho wa Samora Machel pa Zambezi. Inu a kumapiri amene mudafikako ku Tete nyengo ino mukudziwa m'mene kumatenthera. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wozolowera mphepo ya ku Angónia amatuluka thukuta ngakhale atangokhala. Bairro imene mwanayu amakhala idatchulidwa dzina la mayi Josina Machel, amene adamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Ana a lero amadziwa nkhope yake chifukwa padali anthu amene adasunga zithunzi zake. Ndinkaganiza zimenezi ndikuyenda m'njira, pakuti nanenso ndinkapita kukapulumutsa chotsalira cha mayi wina.

Nditafika, mwanayu adaulula zimene sadanene pafoni. Pa masiku awiri adali atayatsa ndi kuzimitsa laputopuyo mwina ka makumi awiri, akuyembekeza kuti ichira yokha. Mnzake wina adamulangiza kuti achotse disiki aiike mufiriji usiku wonse. Pa kashopu kena adamuuza kuti vutolo n'laling'ono, angofunika kufomata ndi kuika Windows yatsopano, ndipo pofika madzulo idzakhala ikuthamanga. Mwamwayi ndalama imene adamutchulira adalibe. Umphawi udamupulumutsa tsiku limenelo.

Kuti mumvetse chifukwa chake malangizo atatu onsewa adali oopsa, ndikufotokozereni zimene zili m'kati. Chosungira zinthu mu laputopu zambiri zakale ndi kabokosi kachitsulo kocheperako kuposa chikhatho. Amisiri a ku Tete amakatcha disco duro, a ku Malawi amati hard drive, ife tingoti disiki. Akuluakulu amene mudaonako galamafoni simuvutika kumva. M'kabokosimo muli kambale konyezimira, mwina timbale tiwiri, tozungulira ka 5400 pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 90 pa sekondi. Pamwamba pake pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kumapeto, ndipo kamutuko ndi kamene kamalemba ndi kuwerenga pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Kusiyana kwake ndi galamafoni n'kwakuti singano ya galamafoni imakhudza mbale, pamene kamutu aka sikayenera kukhudza. Kamayandama pa kamphepo kobwera ndi kuzungulirako, ndipo mpata wake ndi wochepa koposa, tsitsi lanu limodzi ndi lonenepa kuuposa kambirimbiri.

Tsono laputopu ikagwedezeka ili yoyaka, ikatenthedwa kwambiri kapena ikangokalamba, kamutu kaja kamakhudza mbale n'kukanda. Pamene pakandika, zimene zidalembedwapo zimafufutika, ndipo fumbi lochokera pachilondapo limakanda malo ena. Kugogoda kumene mwanayu ankamva ndi kamkono kaja kakusowa malo ake, kubwerera poyambira, n'kuyesanso. Ndiye kuti disiki yodwala ili ngati kandulo yotsala pang'ono. Nthawi iliyonse imene mwaiyatsa kuti muone ngati yachira, mwadya gawo la kandulo limene mukadaunikira nalo potulutsa katundu.

Firiji nayo ndi msampha. Chitsulo chozizira mukachitulutsa pa kutentha kwa ku Tete chimachita mame, monga botolo la madzi ozizira limachitira, ndipo mamewo amatha kufika pa mbale ndi pa timawaya. Kufomata ndi kuika Windows yatsopano kuli ngati kulima ndi pulawo pamunda pamene mwagwetsa singano. Laputopu ikhoza kuyenda masiku angapo, koma zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale, ndipo zimene zalembedwa pamwamba sizibwereranso. Palinso ena amene amati tiyeni timasule kabokosiko tione. Musalole. Kafumbi kamodzi kosaoneka ndi maso n'kakakulu kuposa mpata wa pakati pa kamutu ndi mbale. Kabokosi kameneka kamatsegulidwa m'zipinda zapadera zosefa mpweya, zonga zimene zimapezeka m'mizinda ikuluikulu ngati Johannesburg, osati pa tebulo la m'mbali mwa msewu.

Tidafunsafunsa mu bairro momwemo, pakuti safunsa adadya phula, mpaka tidalozeredwa kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Ndidamukhulupirira chifukwa cha funso lake loyamba. Sadafunse kuti tili ndi ndalama zingati. Adati, "Madala, kodi mukufuna laputopu kapena mukufuna zimene zili m'katimo? Chifukwa ntchito zimenezi ndi ziwiri zosiyana." Abale anga, mmisiri amene sakufunsani funso limeneli, nyamulani katundu wanu mubwerere.

Adatifotokozera kuti matenda a disiki ali mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi pamene disiki ili yamoyo koma Windows yasokonekera, kapena munthu wafufuta fayilo mwangozi. Pamenepa chiyembekezo n'chachikulu, bola musalembemo kanthu kena. Mtundu wachiwiri ndi pamene mbale yayamba zilonda m'malo ena. Kompyuta imachedwa, imaima, mafayilo ena amakana kutseguka, ndipo nthawi zina imagogoda. Pamenepa mmisiri wodekha akhoza kupulumutsa zambiri. Mtundu wachitatu ndi pamene disiki ikugogoda mosalekeza, ikulira ngati chigayo kapena siikuzungulira n'komwe, ndipo kompyuta siikuizindikira. Apa palibe pulogalamu imene ingathandize. Muizimitse, muisunge pouma, ndipo ngati zili m'menemo n'zamtengo wapatali, itumizeni kwa akatswiri a zipinda zija, ngakhale kuti mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa laputopu yatsopano.

Mnyamatayo sadayatse laputopu. Adamasula kunsi, natulutsa disiki, nailumikiza ku kompyuta yake ndi kachingwe ka SATA kolowa pa USB. Adatero chifukwa Windows ikamayaka imawerenga ndi kulemba zinthu zambirimbiri pa disiki, ndipo wodwala safunika kumusenzetsa mtolo. Kompyuta yake inkayendera Linux, ndipo adaikonza kuti izingowerenga osalembamo kanthu. Kenaka adayang'ana kaundula wa zaumoyo amene disiki iliyonse imadzilembera yokha, wotchedwa SMART. Adapukusa mutu nati zilonda zilipo zambiri, koma disiki ikadayankha. Yathu idali ya mtundu wachiwiri, ikulowera ku wachitatu.

Apa ndi pamene padagona nkhani yonse. Adatembenukira kwa mwanayu nati, "Chemwali, nyumba ikupsa. Sindikudziwa kuti denga ligwa nthawi yanji. Nditulutse chiyani choyamba?" Iye mosaganiza kawiri adati monografia, kenaka kaundula wa amayi, kenaka mawu a agogo. Ine ndidakhala chete, pakuti laputopu idali yake ndipo maphunziro adali ake. Monografia idatuluka pasanathe mphindi zisanu. Kaundula adatuluka. Atafika pa foda ya mawu a agogo, disiki idagogoda kawiri n'kuima.

Mmisiriyo sadaumirire. Adaizimitsa, naisiya kuti izizire pamthunzi, natituma kukagula disiki ina yaumoyo yoposa yathuyo kukula. Yathu idali ya 500 GB, choncho tidagula ya 1 TB. Adati kuyambira pamenepo sasakanso fayilo imodziimodzi, koma akopera disiki yonse monga ilili, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa ddrescue, imene adailemba katswiri wa ku Spain dzina lake Antonio Díaz Díaz. Kagwiridwe kake inu alimi mukukadziwa bwino. Poyamba imakolola pamene chimanga chili chabwino, ikafika poipa imadumpha osataya nthawi. Ikatha munda wonse ndi pamene imabwerera kudzakunkha m'malo ovuta aja. Imalembanso mapu a pamene yafika, kotero kuti magetsi akazima siyambiranso pachiyambi. Kukopera wamba kwa Windows sikutero. Kukafika pa chilonda kumakakamira pomwepo, kubwerezabwereza, mpaka disiki imafera pa fayilo imodzi zina zonse zili m'kati.

Ntchito imeneyi idatenga masiku awiri. Adaika kafani pafupi kuti kaziuzira disiki, ndipo tidachenjezedwa kuti tisagunde tebulo. Usiku woyamba magetsi adazima kanthawi, mwanayu n'kugwira kumutu, koma mapu aja adatithandiza kupitiriza pamene tidasiyira. Ndidagona pa mphasa m'khonde, ndikumva makina akulira pang'onopang'ono m'chipindamo ngati munthu amene mukumudikirira kuchipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa tsiku lachitatu sikirini idaonetsa kuti zoposa 99 pa 100 zapulumuka. Mwanayu adalumpha, koma mnyamata uja adamukhazika pansi. Adati gawo limodzi pa 100 la disiki ya 500 GB ndi 5 GB, ndipo zimatengera kuti mabowo agwera pati. Adachotsa disiki yodwala ija naiika pambali, ndipo ntchito yotsala yonse adaigwirira pa kope. Ichi n'chofunika kuchigwira. Mapulogalamu osaka mafayilo otayika, monga TestDisk ndi PhotoRec a Christophe Grenier wa ku France kapena Recuva imene achinyamata ambiri amaidziwa, ndi abwino, koma amawerenga disiki yonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Kuwayendetsa pa disiki yodwala ndi kuthamangitsa wodwala. Ayendetseni pa kope, ndipo zimene zapezeka muzisunge pa malo ena, osati pomwe mukusakapo. Dziwaninso kuti PhotoRec imabweza mafayilo opanda maina ake, imangowapatsa manambala, choncho tidatha tsiku lonse tikutsegula imodziimodzi kuti tidziwe ichi n'chiyani.

Zithunzi zambiri zidabwerera. Makalata a anthu a kumudzi amene mwanayu adawajambulira adabwerera. Pa mawu asanu ndi awiri a amayi anga, asanu adamveka bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amodzi adaduka pakati. Ena, amene amayi ankasimba za usiku umene adaoloka malire ndi maina a anthu amene adawalandira ku Dedza, adangotsala phokoso. Mmisiriyo adayesa kukunkha kawiri konse, kenaka adati, "Madala, pamenepa pakandika. Ndikapitiriza ndingokunamizani."

Mwanayu adalira, akuti akadatchula agogo poyamba. Ndidamutonthoza kuti mwina malowo adakandika kale pa masiku awiri aja a kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo mmisiri adavomereza kuti n'zotheka. Koma pobwerera mu chapa ndidalingalira kwambiri za kukhala chete kwanga. Monografia ikadatayika, akadailembanso ndi misozi, pakuti mabuku alipo ndipo mutu ali nawo. Kaundula akadatayika, amayi akadakhala pansi pa mtengo, kukangana masiku awiri, n'kukumbutsana yemwe adasonkha zingati. Koma amayi anga sadzayankhulanso. Ife tidatulutsa choyamba chimene chinkatiwawa tsiku limenelo, m'malo motulutsa chimene sichingapangidwenso. Nyumba ikamapsa, mlimi wanzeru amayamba watulutsa mbewu, chifukwa ufa akhoza kupempha kwa mnansi, koma mbewu ya makolo ikapsa yapita.

Choncho inu amene muli ndi ana okhala ndi makina amenewa, auzeni izi. Kompyuta ikayamba kuchedwa modabwitsa, kuima yokha, kukana kutsegula mafayilo amene dzulo ankatseguka, kapena kumveka kugogoda, azimitse. Asanapite kwa mmisiri atenge pepala alembe zinthu zimene zili m'menemo, ayambe ndi zimene palibe munthu angazipangenso, ndipo alembe dzina la foda imene zili. Akafika anene momveka kuti akufuna mafayilo, safuna kufomata. Agwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndiponso afunse kuti zikalephereka alipira zingati. Akhale pafupi pamene ntchito ikugwiridwa, chifukwa mu disiki mumakhala zithunzi za zitupa, manambala a ku banki ndi zinsinsi za banja. Pomaliza atenge disiki yakale ija abwerere nayo kunyumba, asaisiye pa shopu ndipo asaitaye.

Ndikuti asaitaye chifukwa chimene chakanika lero chikhoza kutheka m'manja mwa akatswiri. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha ku America chotchedwa Columbia chidasweka m'mlengalenga pobwerera pansi, ndipo anthu 7 amene adali m'menemo adafa onse. Disiki ina ya m'chombomo idatoledwa ku Texas itapserera kunja, koma akatswiri a kampani ya Kroll Ontrack adatulutsamo pafupifupi zonse zimene asayansi adali atalemba, chifukwa mbali ya mbale imene padali zolembedwazo idali isanaonongeke. Moto ndi kugwa kuchokera kumwamba zidalephera kufufuta, pamene ife timafufuta ndi chala chathu pa batani loyatsira. Yathu ija ndidaikulunga m'nsalu, ili m'sutikesi.

Pali zina ziwiri zoti achinyamata adziwe. Laputopu zambiri zatsopano zilibe mbale zozungulira, zili ndi chosungira chotchedwa SSD chimene chilibe chiwalo choyenda. Siiopa kugwedezeka ngati disiki yakale, koma ikamafa siigogoda. Imatha kungozima tsiku limodzi popanda kutsanzika, ndipo fayilo yofufutidwa pa SSD kawirikawiri siibwerera chifukwa makinawo amasesa okha malo amene afufutidwa. Chachiwiri, makompyuta ambiri a Windows 11 amabwera disiki ili yokiyidwa ndi loko wotchedwa BitLocker. Kiyi wake ndi manambala 48 amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Popanda manambala amenewa, ngakhale mmisiri atakopera disiki yonse bwinobwino, zimene zili m'katimo siziwerengeka. Mwana wanu awalembe pa pepala lero, makina akadali amoyo.

Inu amene mulibe laputopu musati zapita pambali. Foni imene ili m'thumba mwanu ndi nkhokwe yomweyo. Zithunzi za maliro ndi za ukwati, mawu a pa WhatsApp a mwana amene ali ku Joni, chithunzi cha kalata ya DUAT ya munda wanu, zonse zili pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Foni ikakuuzani kuti khadi laonongeka ndipo ikufunsa ngati mukufuna kulifomata, yankhani kuti ayi. Lichotseni, mulikulunge m'pepala, mupite nalo kwa wodziwa. Mukavomera kufomata n'kuyamba kujambula zithunzi zatsopano, mwalima pamwamba pa singano ija.

Taonani m'mene zinthu zasinthira. Disiki yoyamba kugulitsidwa idapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Idali ndi mbale 50 zikuluzikulu, inkalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, malo amene chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pafoni ya lero zikadawadzaza. Lero mbiri ya banja lonse imakwana m'thumba la malaya. Koma kuchepa kumeneku n'kumene kwatipusitsa. Makolo athu ankadziwa kuti nkhokwe imalowa anankafumbwe, choncho mbewu ina ankaipachika patsindwi pa utsi, ina ankaisungitsa kwa mbale wa mudzi wina. Ife tidaika zonse m'kabokosi kamodzi n'kumati zili mu kompyuta, ngati kuti kompyuta ndi mwala.

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo limene silisiyana ndi la makolo. Chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa ife zikutanthauza kuti kope lina lili mu laputopu, lina pa fulashi kapena disiki yapadera, ndipo lachitatu lili kumudzi kapena pa intaneti. Aliyense wokhala ndi akaunti ya Gmail amapatsidwa malo aulere a 15 GB, okwanira monografia, kaundula ndi mawu a agogo, malo n'kutsalako. Ngakhale kudzitumizira wekha fayilo pa imelo ndi kusungitsa kwa mnansi. Kope lakutali n'lofunika chifukwa fulashi imene ili m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa tsiku limodzi ndi laputopuyo. Kumbukirani Januwale 2022, pamene namondwe Ana adadzaza Revúbuè mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi akalowa m'nyumba sasankha kuti iyi ndi laputopu, iyi ndi fulashi.

Pogula fulashi chenjerani ndi zotsika mtengo modabwitsa. Zilipo zachinyengo zimene kunja zalembedwa kukula kwakukulu pamene m'kati malo ndi ochepa, ndipo zikadzaza zimayamba kudya zimene mudaikamo poyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukakopera, zulani fulashiyo, muilowetsenso, mutsegule mafayilo muone ngati akutsegukadi. Ndipo za makalata a munda, zitupa ndi kaundula wa ndalama, pepala musalinyoze. Lisindikizeni, muliike m'pulasitiki, muliike m'chitini chotseka pamene chiswe sichifika. Pepala silifuna magetsi kapena manambala 48.

Kusamala makinawo nakonso kumatalikitsa moyo. Laputopu isaikidwe pa matiresi kapena pa pilo ili yoyaka, chifukwa timabowo topumira tili kunsi ndi m'mbali. Mwanayu adavomera kuti miyezi yonse ija ankalembera pabedi, m'kachipinda ka malata, masana a ku Tete. Isanyamulidwe uku ndi uku ikugwira ntchito, ndipo pokwera chapa ikhale itazimitsidwa kwathunthu.

Sabata yatha mwanayu adabwera kumudzi. Adasonkhanitsa amayi a gulu lija, nawerenga kaundula yense pamaso pawo, ndipo tsopano ali ndi kope latsopano la pepala limene msungichuma amasunga m'chitini. Madzulo tidakhala pabwalo banja lonse, natiyatsira mawu asanu aja. Mlongo wanga atamva mayi ake akuseka adadziphimba kumaso ndi chitenje. Titafika pamene mawu adaduka, mkulu wina wa m'mudzi amene adathawa nawo limodzi mu 1986 adati, "Zimitsani, ndikuuzeni ine zimene zidachitika usiku umenewo." Mwanayu adatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Asanagone adatumiza mawuwo ku foni yanga, ku foni ya mchimwene wake ku Moatize, ndi pa intaneti.

Ngati muli ndi gogo amene akadayankhula, mujambuleni sabata ino, ndipo musasunge pa malo amodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.